Mwana Sasankha Fumbi Limene Amapuma

Mu mpingo ndi m'sukulu zathu timaphunzitsidwa bwino za kusamala thupi. Kuyambira tili aang'ono tinauzidwa kuti fodya ndi mowa zimawononga, ndi kuti madzi abwino, mpweya wabwino, chakudya choyenera ndi kupuma mokwanira zimatalikitsa moyo. Chiphunzitso chimenechi n'choona ndipo chathandiza mabanja ambiri. Koma mbali yake yaikulu imakamba za zinthu zimene munthu angathe kusankha yekha. Pali chiopsezo china chimene sichifunsa maganizo a munthu, ndicho utsi, fumbi ndi madzi oipa ochokera m'migodi ndi m'mafakitale. Amene amavulala kwambiri nazo ndi ana aang'ono ndi ana amene adakali m'mimba, omwe sangasamuke kapena kukadandaula kwa wina aliyense. Ife tikuti nkhani imeneyi ndi yathu, ife amene tikukonzekera kukhala aphunzitsi, anamwino ndi makolo. Ndipo nthawi yoti tiyankhulepo ndi inoyi, pamene migodi yatsopano m'dziko muno ikungoyamba kumene.

Kuti tione bwino chimene chili pachiswe, tiyeni tiyang'ane kwa anansi athu ku Zambia. Kabwe ndi tawuni ya m'chigawo chapakati cha dzikolo, pamtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Kale inkatchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, ndipo mgodi pamodzi ndi ng'anjo zake zosungunulira miyala zinagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 90 mpaka pamene mgodiwo unatsekedwa mu 1994. Kwa zaka zambiri utsi wa m'ng'anjo unkagwetsa fumbi la mtovu pamadenga, m'minda, m'misewu ndi m'mabwalo osewerera ana. Mgodi utatsekedwa, zinyalala zake zinatsala poyera, mulu waukulu umene anthu akumeneko amautchula kuti Black Mountain. Mtovu suwola ngati zinyalala za kukhitchini. Papita zaka zoposa 30 chitsekereni mgodiwo, koma mphepo ya m'chilimwe ikadzuka imanyamulabe fumbi lija kupita nalo m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa.

Madokotala amayeza mtovu poona kuchuluka kwa mamaikulogalamu mu desilita imodzi ya magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wabwino m'thupi. Likutinso mlingowo ukafika pa 5 pafunika kufufuza kumene mtovuwo ukuchokera n'kuchitapo kanthu, ndipo mwana akafika pa 45 madokotala amayamba kuganizira zomupatsa mankhwala ochotsa mtovu m'magazi. Mu 2015 akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Japan anafalitsa zotsatira za kuyeza ana 246 a m'makomboni atatu aja. Ana onse anali ndi mlingo woposa 5. Ku Kasanda, ana oposa theka anali ndi mlingo woposa 65, ndipo mwana mmodzi pa ana onsewo anadutsa 400. Ambiri mwa anawa anali asanayambe n'komwe sukulu, ndipo onse anabadwa mgodi utatsekedwa kalekale.

Chifukwa chake ana amavulala kuposa akulu n'chosavuta kumva. Mwana amakwawa pansi, amaseweretsa dothi, ndipo chala chimene wagwira nacho fumbi chimathera m'kamwa. Thupi lake limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu amene wameza mlingo womwewo. Thupi limausokoneza mtovu ndi kashiamu, ndipo mwana amene akuperewera kashiamu kapena ayironi amauyamwa kwambiri. Choncho mwana wa m'banja losauka, amene chakudya chake n'chosakwanira kale, ndi amene amalandira poizoni wambiri kuchokera ku fumbi lomwelo. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amakomoka, amagwa ngati wakhunyu, mwinanso kumwalira. Koma nthawi zambiri suonetsa chizindikiro chilichonse chimene mayi angachizindikire. Umangowononga ubongo umene ukukula, n'kuchepetsa nzeru, chidwi ndi kukhazikika kwa mwana. Mankhwala angathe kutsitsa mtovu wa m'magazi, koma sabweza zimene zawonongeka mu ubongo.

Mbali ya nkhaniyi imene sikambidwa kawirikawiri ndi ya mwana wosabadwa. Mtovu umene munthu wameza umakasungidwa m'mafupa ndi m'mano, ndipo umakhalamo zaka makumi. Mayi akakhala woyembekezera, thupi lake limatenga kashiamu m'mafupa kuti limange mafupa a mwana. Mtovu umatuluka limodzi ndi kashiamuyo, umalowa m'magazi, n'kudutsa pa nsengwa kukafika kwa mwana. Izi zikutanthauza kuti mtsikana amene ankasewera phada m'fumbi la ku Kasanda zaka 20 zapitazo angathe kupatsira mwana wake mtovu lero, ngakhale atakwatiwa n'kusamukira ku Chipata kapena ku Lilongwe. Tikudziwanso kuti amayi ambiri oyembekezera amalakalaka kudya dothi, ndipo pamalo ngati Kabwe chilakolako chimenechi chimakhala choopsa. Madokotala anapeza mtovu m'magazi a makanda obadwa kumene ku Kabwe kale m'zaka za m'ma 1970. Mtovu wochuluka m'thupi la mayi umawonjezera chiopsezo cha kupita padera, kuthamanga kwa magazi, kubereka mwana wakufa, kubereka mwana wochepa sikelo ndi kubereka masiku asanakwane.

Mwana amatchedwa wobadwa masiku asanakwane akabadwa mimba isanakwanitse masabata 37. Masabata otsiriza a mimba ndi amene mapapo amakhwima, mafuta oteteza thupi ku kuzizira amaunjikana, ndipo mwana amapeza mphamvu yoyamwa ndi kumeza. Wobadwa msanga amavutika kupuma, amazizidwa mofulumira, ndipo matenda amamugwira mosavuta. WHO inawerengera kuti mu 2020 ana 13.4 miliyoni anabadwa masiku asanakwane, kutanthauza pafupifupi mwana mmodzi pa ana 10 alionse. Mavuto obwera chifukwa cha kubadwa msanga ndi amene akutsogola popha ana osakwana zaka zisanu padziko lonse. Ambiri amene amapulumuka amakula bwinobwino, koma ena amatsala ndi vuto la maso, la makutu kapena la kuphunzira. Tsopano taganizirani mwana amene wabadwa msanga ali kale ndi mtovu m'magazi, n'kukayamba kukwawa m'fumbi lomwe lija. Ubongo wake wavulazidwa kawiri asanagwire n'komwe pensulo.

Wina angafunse ngati zilidi zoona kuti kuipa kwa mpweya wa m'mafakitale kumachititsa ana kubadwa msanga, popeza zifukwa za vutoli n'zambiri. Umboni wina womveka bwino unapezeka pamene mafakitale anatsekedwa. Ku Utah, m'dziko la America, fakitale yaikulu ya zitsulo inaima kwa pafupifupi chaka chimodzi kuyambira mu 1986 mpaka mu 1987. Akatswiri atayang'ana mabuku a zipatala anapeza kuti ana ogonekedwa chifukwa cha matenda a m'chifuwa anachepa kwambiri m'nyengoyo, ndipo amayi amene anali oyembekezera fakitale ili chotseka sankabereka msanga kawirikawiri ngati anzawo a zaka zina. Ku California, malo asanu ndi atatu opangira magetsi ndi malasha kapena mafuta anatsekedwa pakati pa 2001 ndi 2011. Pakati pa amayi okhala pamtunda wosapitirira makilomita 5 kuchokera pamalowo, kubereka msanga kunatsika kuchoka pa 7 kufika pafupifupi pa 5 pa ana 100 alionse. Utsi wa kumeneko sunali wofanana ndi fumbi la ku Kabwe, koma phunziro lake n'limodzi: chimene chimatuluka m'chumuni cha fakitale chimakafika m'mimba mwa mayi.

Kwa ife a ku Malawi nkhaniyi ili ndi kulemera kwapadera. Lipoti la mayiko onse limene linatuluka mu 2012 linaonetsa kuti Malawi inali patsogolo pa dziko lonse pa kubadwa kwa ana masiku asanakwane, ana 18 pa 100 alionse. Ziwerengero zimene zinatuluka mu 2023 zinaikabe dziko lathu m'gulu la mayiko atatu amene vutoli n'lalikulu kwambiri. Tinene chilungamo, mafakitale si amene akuchititsa mbali yaikulu ya vutoli kuno kwathu. Malungo, matenda opatsirana, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, mimba za atsikana aang'ono ndi utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini ndi zimene azaumoyo akulimbana nazo tsiku ndi tsiku. Zipatala zathu zapulumutsa makanda ambiri pogwiritsa ntchito njira ya kangaroo, yomukhazika mwana pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu. Koma aliyense amene anadikirirapo mbale wake kuchipinda cha makanda akudziwa mmene malo ndi manja zimaperewera. Dziko limene lanyamula kale katundu wotere silingakwanitse kudziwonjezera chifukwa china chobadwitsa ana msanga.

Chimene chinachitika ku Kabwe pambuyo pa kutsekedwa kwa mgodi chikutiphunzitsanso za kuvuta kopeza woyankha mlandu. Mu Okutobala 2020 maloya anakasuma ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Ankasumira kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi mbali pamgodiwo kuyambira mu 1925 mpaka mu 1974. Kampaniyo ikukana mlanduwo. Ikuti inali ndi masheya ochepa chabe, siinali mwini mgodi, ndipo udindo uli kwa kampani ya boma la Zambia imene inayendetsa mgodiwo mpaka kuutseka. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Kumbali ina, mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zoposa madola 60 miliyoni zothandizira kukonza malo owonongedwa ndi migodi ku Zambia, kuphatikizapo kuyeza ndi kuchiza ana a ku Kabwe. Ana ambiri analandira chithandizo, koma akachoka kuchipatala amabwerera kunyumba zomwe zija, pafupi ndi mulu womwe uja. Mu 2022 katswiri wa United Nations woona za ufulu wa anthu ndi chilengedwe anatchula Kabwe pakati pa malo oipitsidwa kwambiri padziko lapansi.

Tisaganize kuti izi n'zakale za nthawi ya atsamunda zokha. Mu Febuluwale 2025 damu losungira zinyalala za kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mphepete mwa mtsinje zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope kwa masiku angapo. Zinachitika malamulo a zachilengedwe alipo, mabungwe oyang'anira alipo.

Kuno kwathu boma laika migodi pakati pa mizati imene likuyembekeza kuti itukule chuma. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene unagwira ntchito kuyambira mu 2009 mpaka mu 2014, unayambiranso mu 2025. Pali ntchito zokonzekera kukumba miyala ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Songwe Hill ku Phalombe, ku Kasiya ku Lilongwe ndi ku Kanyika ku Mzimba. Imeneyi si migodi ya mtovu, ndipo sitikunena kuti iliyonse idzakhala Kabwe wina. Tikunena kuti mgodi uliwonse umatulutsa fumbi, umagwiritsa ntchito madzi, ndipo umasiya zinyalala zimene zimakhalapo nthawi yaitali kuposa kampani imene inazikumba.

Anzathu ena pano pakoleji amati kulankhula zoterezi n'kuthamangitsa chitukuko. Amati achinyamata akusowa ntchito, dziko likusowa ndalama zakunja, ndipo umphawi nawo umapha ana. Mfundo imeneyi si yopepuka. Ku Kabwe komweko anthu amakwera mulu wa zinyalala uja kukatola miyala yogulitsa, akudziwa kuti ndi poizoni, chifukwa njala ya lero imapweteka kuposa matenda a mawa. Ifenso tikufuna ntchito tikamaliza maphunziro. Koma powerengera phindu la mgodi tiwerengere zonse. Ndalama zothirira madzi msewu wafumbi, zomangira damu lolimba ndi zosamutsira sukulu kutali ndi zinyalala n'zochepa poyerekeza ndi ndalama zokonzera tawuni yonse patapita zaka 50. Kampani ikapanda kulipira ndalama zimenezi, sizisowa. Amazilipira mayi wogonera pachipatala ndi khanda la masabata 32, ndi mwana wobwereza sitandade 3 kachitatu.

Malamulo oti atithandize alipo. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA ndipo limafuna kuti ntchito zazikulu ziunikidwe kaye mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu zisanayambe. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza zimene zikufuna kudziwa kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Chotsala n'chakuti tiziwagwiritsa ntchito. Mgodi kapena fakitale yaikulu isanayambe, madzi, dothi ndi thanzi la ana ndi amayi oyembekezera a m'deralo ziyezedwe n'kulembedwa, kuti mtsogolo pasadzakhale kukangana kuti vuto linayamba liti. Zotsatira za kuyeza kwa chaka ndi chaka zizikhomedwa pachipatala ndi pasukulu m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'chinenero cha deralo, m'malo mongokhala m'lipoti lachingerezi ku likulu. Zipatala zoyandikana ndi migodi zizisunga bwino chiwerengero cha ana obadwa msanga ndi ochepa sikelo. Ndipo ndalama zodzakonzera malo mgodi ukadzatha zizisungidwa padera mgodi ukadali ndi phindu.

Mtovu ulinso pafupi nafe kuposa mmene timaganizira. Mu 2020 UNICEF ndi bungwe la Pure Earth anawerengera kuti mwana mmodzi pa atatu padziko lonse ali ndi mlingo wa mtovu wa 5 kapena kuposa. Ambiri mwa anawa sakhala pafupi ndi mgodi. Mabatire a galimoto ndi mabatire ambiri a sola ali ndi mtovu, ndipo munthu akamawaswa kapena kuwasungunula kuseri kwa nyumba amasandutsa bwalo lake kukhala Kabwe wamng'ono. Penti ina yamafuta imene inayezedwa m'dziko muno zaka zingapo zapitazo inapezeka ndi mtovu wambiri, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards linayamba kulondola opanga ake. Pamene tikupenta makalasi a ana ndi zipinda za Sukulu ya Sabata, tizifunsa kuti pentiyo ndi yotani. Batire lakutha tisalisiye poti ana aziseweretsa. Amene amagwira ntchito yafumbi azisamba ndi kusintha zovala asananyamule mwana. M'nyumba tizikolopa kapena kuwaza madzi tisanasese, tizisambitsa ana m'manja asanadye, ndipo tiziwapatsa zakudya za ayironi ndi kashiamu monga nyemba, bonongwe, usipa ndi mkaka. Zimenezi zimachepetsa ngozi, ngakhale sizilowa m'malo mwa kuchotsa gwero la poizoniyo.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi udindo wina wapadera. Tidzakumana ndi ana amene sakhazikika, amaiwala zimene aphunzira dzulo, kapena amachedwa kuwerenga. N'kosavuta kuwatchula aulesi kapena mbuli, n'kuwasiya kumbuyo kwa kalasi. Ena mwa iwo anabadwa masabata angapo nthawi isanakwane, ena akulira pafupi ndi malo oswera mabatire kapena fakitale, ndipo palibe chimene analakwa. Mphunzitsi sangayeze magazi, koma angathe kucheza ndi makolo mwaulemu za mmene mwanayo anabadwira ndi kumene amasewera, angathe kumukhazika kutsogolo, kumupatsa nthawi yowonjezera, ndi kulangiza kuti akapimidwe maso ndi makutu. Mphunzitsi ndi amenenso amaona ana ambiri a dera limodzi chaka ndi chaka. Ngati ana ochokera mbali imodzi ya mudzi akuvutika mofanana, iyeyo angakhale woyamba kuzindikira n'kukauza alangizi a zaumoyo.

Mpingo nawonso uli ndi zonse zofunika kuti uthandize. Uli ndi zipatala, sukulu, amayi a Dorika ndi magulu a achinyamata pafupifupi m'boma lililonse. Pa maphunziro a zaumoyo amene timachita kale, tiwonjezepo nkhani ya mtovu, ya utsi ndi ya kuyamba sikelo ya mimba msanga. Pamene kampani yaitanitsa msonkhano wofunsa maganizo a anthu, akulu a mpingo, aphunzitsi ndi anamwino a m'deralo asamasiyire mafumu okha. Apite atawerenga lipotilo, afunse kumene zinyalala zidzaikidwe, mphepo imawomba kulowera kuti, madzi akumwa adzayezedwa kangati ndipo adzayeza ndani. Kufunsa mafunso otere sikulowerera ndale za chipani. N'kupitiriza ntchito yomwe ija yosamala thupi, koma m'malo mwa mwana amene sangadzisankhire.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife taphunzira kuposa ambiri a kumidzi kwathu, ndipo anthu adzatiyang'ana kuti tiwawerengere mapepala amene kampani yabweretsa. Anthu a ku Kabwe sanafunsidwe mu 1902, ndipo zidzukulu zawo zikuyezetsabe magazi lero. Anthu a ku Balaka, Phalombe, Kasiya ndi Mzimba akufunsidwa panopa, ndipo mayankho amene aperekedwe zaka zochepa zikubwerazi adzakhudza ana amene ifeyo tidzawaphunzitse. Tiyambe kuwerenga malipoti amenewa tikadali pano pakoleji, ndipo patchuthi tikakambirane ndi makolo athu zimene tapezamo.